Nyali Imene Inkalira pa Wailesi

Lamulungu lililonse, nthawi ikamayandikira folo koloko, ntchito zonse pakhomo paja zinkaima. Bambo ankatulutsa wailesi n'kuikhazika pa kampando kamene anakhomera wailesiyo, Mayi ankabwera ndi dengu la zosoka, ndipo Azakhali ankathamangitsa nkhuku kuti zikalirire kutali. Mzime, mtsikana amene anali mwana wotsiriza m'banjamo, ankakhala pa sitepe ya khonde, foni ili m'manja, mtima uli dyokodyoko.

Sewero limene ankalidikiralo linali la nthawi yakale, sitima zikuyendera malasha. Munali mwana wamkazi wa mkulu wa siteshoni, munali kalaliki wachinyamata amene ankamufuna, ndiponso munali mlonda wa njanji woyenda ndi nyali. Mlondayo anali malemu Agogo, amene anabala Bambo ndi Azakhali. Zimenezi sizinali zobisika. Tsiku loyamba lenileni, wolemba seweroli ananena yekha pa wailesi kuti mlondayo anakhalakodi ndipo ana ake alipo mpaka lero. Dera lonse linadziwa khomo limene ankanena.

Bambo, pokhala kalipentala, ankamvera sewero ngati akuyeza thabwa. Tsiku limene kalaliki uja anabwera pa njinga yamoto, iwo anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti njinga yamoto yoyamba inafika pa siteshoni ija iwo atamera kale ndevu. Tsiku lina anadandaula kuti belu linalira katatu m'malo mwa kawiri.

"Achimwene, tisiyeni timve chikondi," Azakhali ankatero. "Njinga yamotoyo yakugundani? Ife tikufuna kudziwa ngati mtsikanayu alole, inu muli pa belu."

Mayi ankangoseka, singano ili kukamwa. Bambo nawo sankakwiya. Kupeza tolakwikato kunali mbali ya chisangalalo chawo, ndipo sewero likatha ankati wolembayo ndi wabodza koma bodza lake ndi lokoma.

Mzime akamva zimenezi ankawerama kubisa kumwetulira. Wabodza wokomayo anali wake. Ndipo phokoso lililonse la m'seweromo linkatuluka m'manja mwake.

Iye ndi wolembayo anakumana miyezi isanu ndi itatu m'mbuyomo, pa siteji ya minibasi, mvula ikuwaza. Mzime anali atanyamula nyali ya Agogo, ija ya galasi lofiira mbali imodzi ndi lobiriwira mbali inayo, kupita nayo kwa wokhoma zitini kuti akaimate pansi. Chogwirira chake chinali chadzimbiri, ndipo nyaliyo ikagwedezeka inkalira kuti kwii, kwii. Mnyamata wina wamtali, wa malaya oyera ndi cholembera m'thumba, anatembenuka ngati waitanidwa dzina.

Anamufunditsa ambulera, n'kumupempha kuti agwedezenso nyaliyo. Mzime anaganiza kuti mutu wa munthuyu suli bwino, komabe anaigwedeza. Mnyamatayo anatsinzina kumvetsera. Kenako anati iye ndi mlembi wa masewero a pa wailesi, ndipo kwa chaka chathunthu wakhala akufunafuna nkhani ya nthawi ya sitima za malasha, lero nkhaniyo yamupeza yokha pa siteji.

Minibasi zitatu zinawadutsa. Mzime anamuuza kuti amathandiza Bambo ku shedi yopalira matabwa, ndipo pofuna kumuseketsa anatulutsa m'chikwama timatabwa tiwiri tokutidwa ndi sandipepala n'kuyamba kutikhukhuza, pang'onopang'ono poyamba, kenako mofulumira. Pa siteji ponse panamveka sitima ikunyamuka. Mayi wina mpaka anacheuka kuyang'ana kumsewu.

"Ine ndimalemba mawu," Mlembi anatero, "koma iwe uli ndi makutu. Ndakupeza, sindikutayanso."

Mwezi usanathe Mzime anayamba ntchito ku wailesi kuja, yopanga maphokoso a m'sewero. Mvula ankaigwetsa ndi mchenga wouma pa chidutswa cha lata. Mapazi a pa njanji ankawaponda m'bokosi la miyala. Chitseko cha ofesi ya siteshoni chinali chivundikiro cha bokosi la zida la Bambo. Koma chimene omvera anachikonda koposa chinali nyali. Akangomva kwii, kwii, ankadziwa kuti mlonda akubwera, ndipo ana a m'misewu anayamba kuyeserera kulira kwake. Nyaliyo inasamuka kunyumba n'kukapachikidwa pa msomali mu situdiyo, ndipo Mzime analamula kuti munthu asayerekeze kuithira oyilo.

Chikondi chinamera ngati udzu wa mvula yoyamba. Mlembi sankamutchula dzina lina koma Nyali yanga. M'mawa uthenga unkafika: "Nyali yanga, wadzuka? Kuno sikunache mpaka uyankhe." Masana wina: "Ndalemba masamba asanu, onse akununkhira iwe." Mzime ankawerenga kawirikawiri, n'kuika foni pachifuwa. Kodi analipo mtsikana wina wamwayi ngati iye?

Mlembi anabwera kunyumba Loweruka katatu kudzamva nkhani ya Agogo. Ankakhala pa benchi ku shedi, chipewa chili pa bondo, Bambo akufotokoza uku akupala thabwa.

Nkhani yake inali iyi. Chaka china mvula inagwa masiku atatu osaleka. M'bandakucha wa tsiku lachinayi, Agogo akuyendera njanji monga mwa ntchito yawo, anapeza madzi atakokolola dothi pansi pa mlatho, njanji ikungolendewera. Sitima yodzaza anthu inali m'njira. Nsapato zawo zinatsala m'matope, ndipo anathamanga opanda nsapato pa miyala yakuthwa ya njanji, mtunda wautali, galasi lofiira lili kutsogolo. Sitima inaima. Palibe anafa. Koma mapazi a Agogo anang'ambika moti kuyambira pamenepo anayenda motsimphina mpaka tsiku la imfa yawo. Bambo anali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ndi iwo anagwirira beseni la madzi amchere potsuka mabalawo.

Agogowo mowa sankaulawa. Anzawo a pa njanji ankawanyoza n'kumawatchula kuti Amadziokha, iwo n'kumangoseka, amvekere munthu wonyamula nyali ya anthu ena sayenera kuona zinthu ziwiriziwiri.

Pa ulendo wachitatuwo, Mzime akumuperekeza, anamupempha Mlembi chinthu chimodzi. Anati za kalaliki ndi mtsikana wake apeke mmene angafunire, koma Agogo awasiye mmene analili.

Mlembi anamugwira manja onse awiri. "Ndikadzasintha ngakhale liwu limodzi la agogo ako, dzanja langali lidzaume. Ndipo sewero likadzatha, ndidzabwera ndi akuluakulu akwathu kudzakupempha. Mawu awiri amenewa uwasunge pamodzi, Nyali yanga."

Mzime anawasungadi pamodzi.

Tsopano Lamulungu limeneli linali la chigawo cha mlatho, chimene banja lonse linakhala likuchidikira. Mzime sanakhalepo pochijambula. Mlembi anali atamuuza kuti akapume chifukwa maphokoso onse ofunika analipo kale. Anangomupempha, masabata awiri m'mbuyomo, kuti amujambulire payekha phokoso la botolo likutsegulidwa, madzi akutsanulidwa, ndi botolo likugubuduzika pa simenti. Anati ndi za chigawo cha m'sitolo. Mzime anayesa mabotolo asanu ndi limodzi, onse akumveka amakono. Pomaliza Azakhali anamubwereka botolo lakale lochindikala limene ankasungiramo mabatani, ndipo limenelo linalira bwino, mawu ake olemera ngati a nthawi ija.

Foni inanjenjemera. "Nyali yanga, lero umvetsere ndi mtima wonse. Ndimakukonda kuposa dzulo."

Nyimbo yotsegulira inatha. Mvula inayamba, mchenga wa Mzime ukugwa pa lata. Bambo, amene tsikuli anavala malaya awo opitira kutchalitchi, anasendeza mpando kufupi. Kenako kwii, kwii. Azakhali anawomba m'manja kamodzi n'kunena kuti awo, Ababa afika.

Nyali inakhazikidwa pansi. Botolo linatsegulidwa.

Mzime analizindikira nthawi yomweyo. Linali botolo la mabatani. Anamva madzi akutsanulidwa, kenako mawu a mlonda, olemera, okokakoka, akuimba nyimbo yopanda mutu, akutukwana mvula. Botolo linagubuduzika pa simenti, phokoso lija analibwereza kasanu kuti likhale bwino. Mlonda anayamba kuliza mkonono. Patali sitima inaliza wezulo. Ndiye kalaliki wachinyamata anatulukira, n'kumugwedeza mlonda osadzuka, n'kutola nyali, n'kuthamanga nayo pa miyala uku akufuula dzina la wokondedwa wake amene anali m'sitimamo.

Mapazi amene ankathamangawo analinso a Mzime, m'bokosi la miyala.

Singano ya Mayi inaima. Azakhali, amene sankatha mphindi osathirira ndemanga, anagwira pakamwa ndi nsalu. Mzime anafuna kudumpha kukazimitsa wailesi. Anayang'ana Bambo. Iwo anakhala chowongoka, manja ali pa mawondo, ndipo anamvera mpaka kumapeto, mpaka sitima inaima, anthu akumunyamula kalaliki m'mwamba, mpaka nyimbo yotsekera.

Bambo anazimitsa wailesi, n'kupinda mlongoti wake bwinobwino.

"Mvula ija waikhoza, mwanawe," anatero. "Inkagwa choncho ndithu."

Ananyamula wailesi kulowa nayo m'nyumba. Nthawi yomweyo bambo wa nyumba yoyandikana nayo anasuzumira pa mpanda akuseka, n'kufunsa ngati madala aja mowa ankaukonda chonchi, nanga bwanji ana awo anabisa nthawi yonseyi. Azakhali anamuyankha kuti akasamale mbuzi zake zimene zikutha masamba a anthu. Koma atakhala pansi misozi inatsika.

"Botolo langa lomwe," anatero. "Ndinalitsuka ndekha."

Foni ya Mzime inayamba kulira motsatizana. "Wamva? Mafoni kuno sakupuma! Anthu akulira!" Patapita kanthawi: "Ndikudziwa kuti wadabwa. Ndikufotokozera, usakwiye." Kenako: "Nyali yanga, yankha. Ndachitira ife tonse."

Ife tonse? Ife ake ati? Kodi munthu amene anakhala pa benchi ija, akugwedeza mutu pomva za beseni la madzi amchere, ndi yemweyu?

Dzuwa lisanalowe Mzime anapita ku shedi. Anapeza Bambo akukhukhuza thabwa limene linali losalala kale, akadali m'malaya a kutchalitchi. Anagwada pafupi ndi benchi n'kuwauza zonse: za lonjezo, za botolo, za kuuzidwa kuti akapume. Anati sanadziwe, komabe manja amene anachita zimenezi ndi ake, ndipo amene anabweretsa munthuyo pakhomo ndi iye.

Bambo anamuuza kuti adzuke, utuchi umuipitsira zovala. Anati iwo sakumuimba mlandu. Mzime anawafunsa chifukwa chimene za njinga yamoto ankaziseka, pamene izi zawalasa chonchi, popeza zonse ndi zopeka.

Bambo anapukusa fumbi pa thabwa. "Njinga yamoto ilibe ana," anatero. "Ukainamizira, palibe amakagona ndi chisoni. Koma munthu uja mapazi ake ndinawaona ine. Chimene anatisiyira ndi dzina basi, ndi nyaliyo."

Mzime anatuluka, n'kulemba uthenga umodzi wokha: "Mawa ndikubwera." Yankho linabwera ndi timitima tofiira tambirimbiri. Sanaliwerenge kawiri.

M'mawa mwake anafika ku wailesi nthawi yake yanthawi zonse. M'khonde la situdiyo anakumana ndi bambo wachikulire amene ankasewera ngati mlonda, munthu wansangala amene aliyense ankamutchula kuti Amalume. Anali akumwa tiyi, nkhope ili ngwee. Anamufunsa Mzime ngati anawamva mmene analedzerera, iwo amene ngakhale fungo la mowa limawadwalitsa mutu.

"Miyezi isanu ndi iwiri ndikuyeserera mawu amenewa, mwana wanga," anatero monyadira. "Tsiku lomwe anandipatsa gawoli anandiuza kuti mlonda ameneyu adzagwa ndi botolo pa mlatho. Anangoti tisakuuze, akufuna udzadabwe."

Mzime anawerenga miyezi m'mutu. Miyezi isanu ndi iwiri. Ndiye kuti Mlembi asanabwere ku shedi kachitatu, asanamugwire manja pa msewu paja, botolo linali kale pa pepala. Usiku wonse anali akudziuza kuti mwina akuluakulu a wailesi anamukakamiza, mwina anasintha dzana ndi dzulo chifukwa cha mantha. Kachiyembekezo kameneko kanathera pomwepo, pafupi ndi kapu ya tiyi ya Amalume.

Amalume ataona nkhope yake anasiya kuseka. Anafunsa ngati alankhula zolakwika. Mzime anati ayi, ndi iwo okha amene amuuza zoona.

Mlembi anali m'kachipinda kake kodzaza mapepala. Atamuona anaimirira, manja atatambasula. Mzime anaima pakhomo.

Mnyamatayo analankhula nthawi yaitali, ndipo polankhula anali katswiri. Anati sewero si buku la mbiri. Anati munthu wabwino kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto sagwira omvera mtima, ndipo kalaliki akanapanda kupulumutsa mtsikanayo, chikondi chawo chikanathera pati? Anamuonetsa mulu wa mauthenga a omvera, mazanamazana, ena akulira, ena akutukwana mlonda, ena akupempha kuti chigawocho chibwerezedwe. Anati mwa anthu onsewa palibe ndi mmodzi yemwe wafunsa ngati zinachitikadi choncho. Anthu amafuna misozi, osati tsiku ndi chaka.

"Nanga unaneneranji pa wailesi kuti mlondayo anakhalakodi?" Mzime anafunsa.

Mlembi anakanda m'mutu. Anati mawu akuti nkhani yoona amakoka anthu.

"Ndiye kuti zoona umazidziwa mtengo wake. Unazifuna kuti zikuitanire anthu, zitawaitana n'kuzitaya. Ukanapeka mlonda wako, wopanda ana, wopanda khomo, bwenzi dzulo ndikuwomba nawo m'manja."

"Nyali yanga…"

"Unandigwira manja botolo lili kale pa pepala. Amalume andiuza."

Apa Mlembi anakhala pansi. Kenako ananena motsitsa kuti ankaopa. Anati nkhaniyo anaikonza asanamukonde, ndipo atamukonda analephera kusiya chilichonse mwa ziwirizo, ndiye anaganiza kuti sewero likatchuka, iye adzamvetsa. Anatsegula kabati n'kutulutsa kabokosi kakang'ono. Munali mphete yopyapyala.

"Iyi si yopeka," anatero. "Ndinagula mwezi watha. Kwatsala chigawo chimodzi, kenako ndibwera kwanu monga ndinalonjezera. Ndiwe mpweya wanga, Nyali. Usandizimire."

Mtima wa Mzime unapweteka ngati wapanidwa ndi chopanira matabwa. Ankamukonda munthuyu. Ankakonda mmene ankatsinzinira pomvetsera, mmene ankasekera ndi mapewa. Mpheteyo inali yokongola, ndipo anaona kuti ikanamukwana. Kodi akanangotambasula chala, ndani akanamudzudzula? Agogo anapita kalekale. Anthu amaiwala.

Koma Bambo anali m'malaya a kutchalitchi, akukhukhuza thabwa losalala.

Mzime anamuuza Mlembi kuti akupempha chinthu chimodzi, ngati poyamba paja. Lamulungu likudzali, sewero lisanayambe, anene ndi pakamwa pake pa wailesi kuti za botolo anapeka, kuti mlonda weniweni sankamwa, ndipo ndi iye anaimitsa sitima. Mawu atatu okhawo. Akatero, za mphete adzakambirana.

Mlembi anayang'ana mulu wa mauthenga, n'kuyang'ana mphete. Anati zimenezo zingaphe chigawo chomaliza. Anati mwina sewero likatha, pakapita mwezi umodzi kapena iwiri, anthu atazizira, angapeze kampata. Anati Mzime aganizirenso tsogolo lawo, popeza sewero limeneli ndi limene liwatsegulire zitseko.

Mzime anadikira pang'ono, kuti mwina awonjezera kanthu. Sanawonjezere.

"Unati mawu awiri aja ndiwasunge pamodzi," anatero. "Ndinawasungadi pamodzi. Limodzi lathyoka, linalo silingaime lokha."

Analowa mu situdiyo, n'kukwera pa mpando, n'kuchotsa nyali pa msomali. Anatenganso timatabwa ta sandipepala ndi botolo la Azakhali. Mlembi anamutsatira mpaka m'khonde, akunena kuti kulira kwa nyaliyo ali nako kale m'makina, kuitenga sikusintha kanthu. Mzime anati akudziwa. Sakuitenga kuti sewero life, akuitenga chifukwa ndi ya kwawo.

Asanatuluke anagogoda pa ofesi ya mayi amene ankawerenga makalata a omvera Lachinayi lililonse. Anawafunsa ngati kalata ya mwana wa mlonda ingawerengedwe. Mayiwo anamuyang'ana pamwamba pa magalasi awo, n'kuyang'ana nyali, ndipo anati pulogalamu yawo ndi ya omvera, ndipo mwana wa mlonda ndi womveranso. Kalatayo ifike Lachitatu lisanathe, aiwerenga yonse osadumpha liwu.

Mu minibasi yobwerera, nyali ili pamiyendo, galimoto itagunda bampu nyaliyo inalira kuti kwii. Mayi wina wonenepa, wonyamula thumba la anyezi, anatembenuka n'kuseka, amvekere imeneyi ikulira ngati ya chidakwa cha pa wailesi chija, chimene chikanapha anthu dzulo. Minibasi yonse inalowerera. Wina anati anthu akale ankamwa mosasamala, wina anati mlondayo anafunika kumangidwa.

Mzime anali wamanyazi pagulu chibadwire. Koma anakweza nyaliyo kuti onse aione, n'kunena kuti ndi yomweyo, ndipo mwini wake anali agogo ake. Anafotokoza za mlatho, za nsapato zotsala m'matope, za miyala yakuthwa, za dzina lakuti Amadziokha. Sanasiye mpaka anafika pa beseni la madzi amchere.

Mayi wa anyezi anagwira galasi lofiira ndi chala, n'kufunsa chifukwa chimene a wailesi sanawauzire imeneyi, popeza ndi imene ikugwira mtima. Bambo wina kumbuyo anati iye amamvera sewero kuti apumitse mutu, zoona kapena zabodza alibe nazo ntchito. Kondakitala anati zonsezo wamva, pepani chemwali, komabe ya botolo ija inakoma. Mzime sanakangane naye. Potsika anati nkhani yoonayo iwerengedwa pa makalata a omvera, ndipo mayi wa anyezi anamufunsa tsiku lake, n'kulibwereza kawiri kuti asaiwale.

Anafika kunyumba dzuwa lili pamutu. Azakhali analandira botolo lawo n'kuyamba kubwezeramo mabatani limodzilimodzi. Mayi anamuyang'ana m'maso, n'kuona kuti walira m'njira, ndipo anangomusisita pamsana. Foni inanjenjemera m'chikwama. "Nyali yanga, popanda iwe ndili mu mdima. Bwerera." Anaiwerenga, misozi inalengeza, koma anaizimitsa n'kuisiya pa windo.

Bambo anali ku shedi. Mzime anakhazika nyali pa benchi n'kuwauza za kalata ya Lachinayi. Za mphete sananene, ndipo iwo sanafunse. Ananyamula nyaliyo n'kuigwedeza. Kwii, kwii. Anakwinya nkhope.

"Tandipatsa kachitini ka oyilo ako," anatero, akuloza pa shelefu.

Mzime anadabwa. Anawakumbutsa kuti kulira kumeneko ndi kumene dera lonse limawadziwira Agogo.

"Agogo ako sakanalola nyali yawo kulira chonchi," Bambo anatero. "Ankaithira oyilo Loweruka lililonse. Ankayenda nayo mwakachetechete moti amayi anga ankadzidzimuka iwo akafika pakhomo. Dzimbiri ili labwera iwo atapita."

"Ndiye miyezi yonseyi ndakhala ndikuliza zabodza? Bwanji simunandiuze, Ababa?"

"Unkalikonda phokosolo. Ndipo silinapweteke munthu."

Anadontheza oyilo mbali iyi ndi mbali iyo, n'kupukuta ndi kansanza, n'kuyendetsa chogwirira uku ndi uku mpaka dzimbiri linafewa. Kenako anamupatsa Mzime. Iye anaigwedeza. Nyali inayenda m'mwamba mwakachetechete, galasi lofiira likuphethira padzuwa.

Bambo anachotsa pensulo kukhutu kwawo, n'kusesa utuchi pa benchi ndi dzanja kuti pepala likhale poyera.

"Khala apa ulembe," anatero. "Uyambe ndi mvula. Inagwa masiku atatu."